Katswiri anatuluka jaji asanamalize

Ankawatchula kuti a Gawo, chifukwa ngakhale madzi akumwa sakanawapempha osatchula gawo lakutilakuti la malamulo oyendetsera dziko. Zamalamulo anaphunziradi, sindikana, koma m'khoti sanaimirirepo munthu ndi mmodzi yemwe. Ntchito yawo inali kukhala pa wailesi n'kumauza dziko zimene majaji akutanthauza, ngati kuti majajiwo alibe pakamwa.

Tsiku limenelo khoti lalikulu linkagamula nkhani ya nyumba za kuseri kwa siteshoni ya sitima. Nduna inalamula kuti zigwetsedwe, eni ake n'kukadandaula kuti boma silinamve mbali yawo. Ina mwa nyumbazo inali ya achemwali awo a katswiriyu, telala amene anawalera makolo atamwalira. Mayiwo, poona kuti boma silikuseka, anali atazula kale malata ndi mawindo n'kukasungitsa kwa mnzawo kutsidya kwa msewu. Makoma agwe, bola denga lipulumuke.

M'khoti munkatentha. Jaji ankawerenga chigamulo mosathamanga, tsamba ndi tsamba, akunyambita chala. Akatswiri a pa wailesi ali ndi kakhalidwe kawo: amakhala pa benchi yapafupi ndi khomo, phazi limodzi lili kale panja, chifukwa woyamba kufika pa maikolofoni ndiye amene dziko limamuyesa wanzeru. A Gawo diso linali pa mnzawo wa wailesi ina, wa tayi yofiira, osati pa jaji.

Kenaka jaji anati: “Khoti lapeza kuti nduna inaphwanya malamulo oyendetsera dziko posamva anthuwa.”

Basi, a Gawo anali atanyamuka. Masitepe anatsika awiriawiri, munthu wamimba yake. Ali m'galimoto foni inalira.

“Iwe, zatha bwanji kumeneko?” anafunsa achemwali awo.

“Achemwali, khomaninso malata. Boma lagwa chagada.”

“Wamva ndi makutu ako?”

“Nanga ndimve ndi a ndani? Inu sokani madiresi, zamalamulo mundisiyire ine.”

Mu situdiyo, nyale yofiira itayaka, anawira ngati ketulo. Anati lero mphamvu za boma zaikidwa malire. Anati iwo anaziona kalekale zimenezi. Anthu ankaimba foni kuwatamanda, iwo akugwedeza mutu ngati kuti chigamulocho analemba ndiwo.

Pomwe ankatuluka, mkonzi wa pulogalamu anawakokera pambali. Jaji anali atapitiriza kuwerenga, ndipo mchira wa chigamulo unali wina. Inde nduna inalakwa, koma malowo ndi a njanji ndipo odandaula anabwera mochedwa, choncho khoti silingaletse kugwetsa nyumbazo. Wa tayi yofiira uja anakhala mpaka pamapeto, ndipo panthawiyo n'kuti akuwaseka a Gawo pa wailesi yake.

Manyazi anawagwira. Anatulutsa foni, n'kuyang'ana nambala ya achemwali awo. Akanangodina, nkhani ikanathera pomwepo. Koma akanati chiyani kwa munthu amene amuuza kumene kuti asoke madiresi? Anadziuza kuti boma limayenda pang'onopang'ono, fayilo imagona pa desiki miyezi, awauza mawa mtima utakhala pansi. Choyamba kunali kupulumutsa dzina. Anabwerera mu situdiyo n'kukafotokoza, nkhope ili gwa, kuti chigamulochi chili ndi mbali ziwiri monga iwo ananenera poyamba, kungoti anthu wamba samvetsa chilankhulo cha khoti.

Achemwali awo sanamve zimenezo. Anali pa makwerero, akupatsira mmisiri misomali, ana akututa malata kuchokera kutsidya kwa msewu. Dzuwa lisanalowe nyumba inali itavalanso, ndipo makina osokera anabwerera pa zenera pake.

Boma lija loyenda pang'onopang'ono linafika m'mawa mwake ndi zikatapila ndi apolisi. Anthu anangopatsidwa mpata wotulutsa ana ndi zofunda. Oyandikana nawo amene sanakhulupirire wailesi anali chiimire pambali ndi malata awo omanga bwinobwino. Malata a mayi telala anapindidwa pamodzi ndi njerwa.

A Gawo anafika fumbi lisanathe, atavala suti. Anabwera kudzapepesa, tiwapatse zimenezo, ndipo mawu anali atawakonza m'njira monse. Anawaona achemwali awo akufukula ndi manja, akusolola nsalu za makasitomala pansi pa khoma. Mtima unawapweteka ndithu. Koma asanafike pomwe anali mayiwo, mtolankhani wa kanema anawatchingira, kamera kumaso.

“Katswiri wathu, mutiuze, zimene boma lachitazi n'zololedwa?”

Munthu wanzeru akanati pepani, ndabwera za pabanja. A Gawo anakonza tayi, n'kukwera pa thabwa kuti aoneke bwino. Anayamba ndi gawo la ufulu wa katundu, n'kulumphira pa la mphamvu za nduna, dzanja likuvina m'mwamba.

“Nanga mayi ali kumbuyo kwanuwa, mungawalangize chiyani?” anafunsa mtolankhaniyo. “Mukuwadziwa?”

A Gawo anatembenuka theka chabe.

“Ndi mmodzi mwa okhudzidwa,” anatero. “Anthu otere akanayenera kufunsa odziwa malamulo asanachite kanthu.”

Achemwali awo anaweramuka, n'kupukuta manja pa diresi. Sanakuwe ndipo sanalire. Anayandikira mwaulemu wonse, mpaka kupinda maondo pang'ono monga amachitira kwa mlendo.

“Pepani bwana,” anatero, “tasunthani pang'ono. Mwaponda chitseko changa.”