Mipando Yachikopa ya Achimwene

Galimoto ya malemu bambo ndi yakale kuposa ine. Ndi zija zazitali mphuno, zachitsulo chenicheni, zimene chosinthira magiya chimakhala pambali pa chiwongolero, chiwongolero chakenso chachikulu ngati beseni losambira. Kutsogolo inali ndi mpando umodzi wokha, wautali, wochokera chitseko ichi kukafika chitseko icho, wotsika ndiponso wosalala. Mpando umenewo ndinausoka ndine kawiri konse, koyamba ndikuphunzira ntchito m'manja mwa bambo, kachiwiri nditatsegula kale shopu yanga yosoka mipando ya magalimoto.

Bambo atatisiya, galimoto anatenga achimwene. Sindinatsutse. Iwo ndi aakulu, ali ndi galaja yotseka, ndipo analonjeza pamaso pa abale kuti Lachiwiri lililonse azipita ndi amayi kuchipatala kukawongola mwendo. Amayi anachitidwa opaleshoni ya chiuno zaka zitatu zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo mwendo wawo wakumanja supinda bwino. Minibasi sangakwere. M'tigalimoto tamakonoti akalowa amatuluka ali misozi. Galimoto ya bambo yokha ndiyo ankakwera osabuula: ankafika cham'mbuyo, n'kukhala m'mphepete mwa mpando, wina n'kuwanyamula miyendo, iwo n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka pamalo pawo.

Achimwene anga ndi munthu wa mu ofesi. Manja awo sanagwirepo sipanala, koma palibe chimene sadziwa, poti zonse amazionera pafoni. Kuntchito kwawo anzawo ankaisirira galimotoyo, ena n'kumajambulitsa ataitsamira, achimwene n'kumayenda chifuwa chili patsogolo ngati anaipanga ndi iwo. Ndiye tsiku lina mnzawo wina anasuzumira m'kati n'kufunsa ngati benchi imeneyo anaitenga pachipatala podikirira odwala. Anthu anaseka. Achimwene mawu amenewo anawalowa ngati minga, ndipo sabata isanathe anafika kushopu kwanga ali pa lole yaing'ono, atanyamula mipando iwiri yachikopa chakuda.

Anaitsitsira pakhomo panga penipeni, pamene makasitomala amadutsa. Inali mipando yochokera m'galimoto yamakono imene inachita ngozi, yonenepa, yokhala ndi motsamiritsa mutu, m'mbali mwake muli timapiri tokumbatira munthu, kunsi kwake mawaya ali lendelende.

"Mabatani asanu ndi atatu," anatero achimwene akusisita chikopa. "Ili n'lopititsa kutsogolo, ili lokweza, ili logoneka. Ili limatenthetsa."

"Limatenthetsa chiyani?"

"Pokhalira."

"Kodi achimwene, munayamba mwadandaulapo kuti pokhalira panu pakuzizira?"

Anandiyang'ana ndi diso la nkhwezule. Ndinawauza kuti ngati vuto ndi maonekedwe, andisiyire galimotoyo masiku atatu, ndiuvule mpando wa bambo, ndiike siponji yatsopano, ndiuveke chikopa chimene akufunacho, aone ngati mnzawo uja adzatsegulenso pakamwa. Anaseka kaseko kawo kaja kotulukira m'mphuno.

"Iwe, sindinabwere kudzasoketsa makushoni. Ndangofuna bwalo lakoli ndi wowotcherera wapafupi nawe uyu. Iyi ndi ntchito ya zitsulo ndi magetsi. Zako ndi singano, usalowerere."

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuchotsa mipando m'magalimoto ndi kuibwezeramo. Madalaivala a mabasi amandidziwa, eni magalimoto a maukwati amandidikirira pamzere. Ndipo munthu amene amaitana makaniko kuti adzamuthirire madzi a galasi ankandiuza pakhomo pa shopu yanga kuti zanga ndi singano. Mtima unandiwawa kwambiri. Ndinangoti, "Chabwino achimwene," n'kubwerera pamakina anga.

Wowotcherera amene shedi yake yagundizana ndi yanga ndi katswiri wa mageti ndi zotchingira mawindo. Geti lake silipindika ngakhale litagundidwa ndi ng'ombe. Koma kwa iye chitsulo chilichonse ndi geti, ndipo funso lililonse yankho lake ndi kudula. Anabwera magalasi ake akuda ali pachipumi, n'kuyeza ndi chingwe kuchokera chitseko ichi kufika chinacho, n'kuyezanso mipando iwiri ija ataigundanitsa.

"Ikwana, bwana. Patsalanso malo oika botolo la madzi pakati."

Anagwirana chanza ngati amaliza ntchito. M'lifupi anayeza, koma m'mwamba palibe amene anaganizako.

Masana atapita kukadya, ine ndinatenga tepi yanga n'kutuluka. Sindinafune kuthandiza, ndinangofuna kudziwa kukula kwa manyazi amene akubwera. Mipando yamakono imakhala pamwamba pa timainjini take tamagetsi, ndiye kuchokera pansi kufika pokhalira inkaposa mpando wa bambo ndi chikhatho chathunthu. Timapiri ta m'mbali tinkawonjezeranso zala zinayi. Denga la galimoto yakale ndi lotsika, pamwamba pa chitseko m'potsikanso kuposa pamenepo. Misana ya mipandoyo inali yonenepa moti kumbuyo kukanatsala malo a miyendo ya mwana wa sukulu ya mkaka basi. Ndinalemba manambala onse kuseri kwa katoni, ndinawayang'ana, n'kuona m'maganizo achimwene akuyendetsa khosi lili lopindika. Ndinaseka ndekha. Amayi ndinawaganizira, sindinganame, koma ndinadziuza kuti zikakanika tidzangobwezeramo mpando wakale, achimwene atameza malovu n'kubwera kudzandipempha.

Atabwerako anayamba kulimbana ndi mpando wa bambo. Mabawuti anamasuka bwinobwino, poti ndinkawapaka girisi ndine. Koma mpando unakana kutuluka pachitseko. Anautembenuza uku, anaupendeketsa uko, achimwene atavula tayi, thukuta lili kamukamu, akulamula ngati akudziwa chimene akulamulacho. Mpando umenewo sutuluka wathunthu. Msana wake umachoka pawokha: pali timisomali tiwiri tobisika pansi pa nsalu, kumakona, ndipo ukatisolola msana umangozuka ngati chivindikiro. Bambo anandionetsa ndili mtsikana, atagwira chala changa n'kuchilowetsa pansi pa msoko kuti ndimve pamene tili.

Ndinali pakhomo, lumo m'manja. Achimwene anacheuka n'kundiona. Anatsegula pakamwa, ine n'kudikira kuti anene mawu awiri okha, akuti chemwali tandithandize. Koma anatembenukira kwa wowotcherera.

"Tiudule?"

"Ndimati ndinene zomwezo, bwana."

Makina odulira zitsulo atayamba kulira, miyendo yanga inafuna kuthamanga. Sindinasunthe. Anang'amba nsalu ndi mpeni, pamsoko womwe ndinasoka ndine, n'kudula felemu pakati, masipuling'i akuduka limodzilimodzi, siponji ikununkha kupsa. Anatulutsa zidutswa ziwiri n'kuziponya pamulu wa zitsulo. Kenako wowotcherera anadulanso zitsulo zapansi zimene mpando unkakhalapo, akuti zikutchinga, n'kuwotcherera zake zokhuthala ngati za geti la fakitale. Mawaya analumikiza wamagetsi wina amene achimwene anamupeza pafoni, yemwe anapsereza mafyuzi atatu batani loyamba lisanagwire ntchito.

Ntchito itatha achimwene analowa kuti ayese. Ntchafu zinakanirira pansi pa chiwongolero. Anadina batani lotsitsa, mpando unalira pang'ono n'kuima, poti unali utafika kale pansi pake. Mutu unagunda denga. Ndiye anagoneka msana wa mpando cham'mbuyo, n'kukhala chogona ngati munthu amene akumetedwa ndevu, manja atatambasukira kutali kuti afikire chiwongolero, msewu akuuonera pakati pa chiwongolerocho.

"Ndi mmene amakhalira amipikisano ya magalimoto," anatero.

"Mwaoneka bwino, achimwene," ndinayankha.

Safunsa anadya phula, ndinkatero mumtima, ndipo tsiku lonselo ndinasoka ndikuimba.

Lachiwiri m'mawa ndinatseka shopu n'kupita kwa amayi. Ndinawapeza atakonzeka kale pakhonde, atavala juzi yawo ya kuchipatala, ndodo pambali, kabuku ka dokotala kali m'kachikwama. Anadabwa kundiona koma sanafunse. Achimwene anafika akuliza hutala, anatuluka movutikira, mwendo umodzi kenako unzake, n'kutsegula chitseko cha amayi ngati wantchito wa kuhotela.

"Amayi, lero mukhala ngati nduna."

Amayi anayang'ana m'katimo nthawi yaitali. "Mpando wa bambo ako uli kuti?"

"Unatha ntchito uja, amayi. Uwu ndi wachikopa. Taukhudzani."

Anaukhudza, poti amayi sakhumudwitsa mwana. Kenako anatembenuka monga amachitira, n'kubwerera cham'mbuyo kufuna m'mphepete mwa mpando. M'mphepetemo munali phiri. Linawafika pamwamba pa chiuno, pamalo penipeni pa opaleshoni. Anayesa kunyanyamphira ndi mwendo wabwinowo, dzanja lili paphewa la achimwene, koma kuti akwere pamenepo ankayenera kuweramitsa mutu pansi pa denga nthawi yomweyo, ndipo thupi la amayi silipinda malo awiri pakamodzi. Achimwene anadina batani. Mpando unapita kutsogolo n'kuwakankha bondo. Anadina lina, msana unagona. Anadinanso lina, palibe chinachitika, mwina linali lotenthetsa lija.

"Tangodzikwezani pang'ono, amayi. Pang'ono pokha."

Anawagwira m'khwapa n'kuwanyamula. Amayi sanalire, anangotulutsa kamawu kakang'ono kudzera m'mano, kamene ndinakamva komaliza m'chipinda cha odwala. Pamenepo kumwetulira kumene ndinabwera nako kunandithera. Ndinathamanga n'kuwagwira mbali inayo, tinawaimiritsa.

Tinayesa kumbuyo. Chitseko chakumbuyo n'chaching'ono, ndipo pakati pa mpando wakumbuyo ndi msana wachikopa uja panalibe polowetsa mwendo wosapinda. Achimwene anapititsa mpando kutsogolo mpaka unagunda, malo anakhalabe osakwana. Anaima pamenepo atagwira m'chiuno, akuyang'ana galimoto ngati yawalakwira ndi iyo.

"Basi, ana inu," anatero amayi. "Ndibwezereni pakhonde."

Tinawakhazika. Achimwene ankalankhula mofulumira, osayang'ana munthu, akuti ndi nkhani yongosintha pang'ono, wowotcherera atsitsa zitsulo, sabata yamawa zonse zikhala bwino. Kenako anatembenukira kwa ine, ndipo mawu amene ndinawadikira masiku anayi aja anatuluka.

"Chemwali, mpando wakale uja, sungathe kuulumikiza?"

Ndinali nditakonzeratu yankho, lokoma, lokhala ndi singano m'kati mwake. Silinatuluke. Ndinawauza zoona zokhazokha: felemu yodulidwa pakati ingawotchereredwe, koma masipuling'i a mtundu umenewo anasiya kupangidwa ine ndisanabadwe, ndipo zitsulo zimene mpando unkakhalapo anazidula n'kutaya. Kuti ndipange wina wofanana nawo ndi ntchito ya miyezi, ndipo sudzatsika ngati uja.

Achimwene anati akukafuna takisi yaikulu, n'kutuluka pageti wapansi, foni ili kukhutu, galimoto yawo yachifumu ataisiya zitseko zili pululu.

Tinatsala awiri. Amayi ankasisita chiuno pang'onopang'ono, akuyang'ana kumsewu.

"Iwe Lachiwiri sutseka shopu," anatero.

"Ndimafuna ndikuperekezeni."

"Zaka zitatu sunandiperekezepo." Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Anakagwirira kwako ntchito imeneyi?"

"Pabwalo panga. Koma anandiuza kuti ndisalowerere, amayi. Anati zanga ndi singano."

"Unayeza?"

Amayi anakhala ndi bambo zaka makumi anayi, akudziwa kuti munthu wa ntchito yathu sangaone mpando pafupi ndi galimoto osatulutsa tepi.

"Ndinayeza."

"Ndiye unkadziwa kuti sindikwera."

"Ndinkadziwa."

"Podula paja unalipo?"

"Ndinalipo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, osakwiya, ndipo ndikanakonda akanakwiya. Anatsegula kachikwama, anatulutsa kabuku ka dokotala, n'kundipatsa.

"Kaike m'kabati, pamwamba. Mchimwene wako ndi chitsiru, ndinamubereka ndine, ndikumudziwa. Iye sankadziwa chimene akuchita." Anagwira ndodo n'kuyamba kudzuka okha, ndipo nditatambasula dzanja kuti ndiwathandize analikankhira pambali. "Iwe ndiye wanzeru. Wapambana, mwanawanga. Pita ukatsegule shopu."