Paipi Imene Bambo Anadula

Ku El Roblal munda sugulidwa chifukwa cha khofi. Umagulidwa chifukwa cha madzi, ndipo madzi a mudzi wonse amachokera pa kasupe mmodzi amene ali kumtunda, m'munda wa malume anga a Nicanor. Kuchokera pamenepo mapaipi akuda apulasitiki amatsika phiri, ena pansi, ena okoleka m'mitengo, akupiringizana ngati matumbo a nkhuku. Onse ndi akuda, onse ndi ofanana kukula. Ndili mwana ndinkakonda kusankha paipi imodzi n'kuilondola mpaka ndione nyumba imene ikulowa. Kenako ndinapita ku yunivesite ku Manizales kukaphunzira masamu, komwe ndinapeza kuti anthu amalandira digiri chifukwa cha masewero ngati omwewa.

Ndinabwerera kumudzi ndi cholinga chimodzi: kuwatsitsa bambo anga, a Heriberto, kuphiriko adakali amoyo. Mayi anali atamwalira, ndipo anyamata a mfuti anali atabwereranso m'nkhalango ya pamwamba pa mudzi. Sitinkawatchula dzina. Tinkangoti anyamata a m'phiri.

Wilmar, amene ankatipezera wogula munda wathu, anaujambula dzuwa likutuluka n'kulengeza kuti kwathu n'kwabata, kulibe akuba. Sananame. Womaliza kuba nkhuku ku El Roblal tinamupeza pa mlatho, manja atamangidwa ndi waya kumbuyo, chipolopolo chitalowera m'kamwa. Kuyambira pamenepo munthu ankatha kusiya njinga yamoto panja ndi makiyi omwe.

Wogula anapezeka, munthu wa ku Medellín amene ankafuna kumanga tinyumba ta alendo odzaonera nkhungu. Funso lake linali limodzi: madzi alipo? Wilmar anati alipo ambiri, abwere Loweruka adzaone yekha. Mlungu womwewo thanki yathu inauma.

Tinakwera kwa malume, ine ndi bambo. Tinawapeza pakhonde akunola chikwanje, mvula ikuwaza.

"Alamu, thanki yanga yauma," anatero bambo.

"Chilala, alamu. Chaka chino chavuta."

"Mvula ikukugwerani pamapaziyo."

"Ndiye kingani ndowa."

"Paipi yanga mwaizula pa kasupe ndinu."

"Ndine, nanga ndani? Munda umenewo ndi wa mlongo wanga. Maluwa sanafote n'komwe pamanda pake, inu mwayamba kale kuujambulitsa ngati mkazi wa pa kalendala." Anandiloza ndi chikwanjecho. "Ndi iweyo, adokotala, wawadzaza mutu bambo akowa. Tinakutumiza kusukulu kuti ukaphunzire kugulitsa amako?"

"Malume, kuno anthu akufa."

"Kumzindako sakufa? Akungogona?"

Bambo anakabwezera paipiyo pa kasupe. Tisanafike n'komwe kunyumba, malume anali ataizulanso. Mawa lake chimodzimodzi. Pofika Lachisanu m'mawa bambo anamwa khofi wawo osakhala pansi, n'kumanga chikwanje m'chiuno.

"Lero naye alawe," anatero. "Akasambe m'ndowa ngati ine."

Ndinawatsatira, poganiza kuti ndikakhalapo sakamenyana. Koma sankapita kwa malume. Analowera njira ya m'munsi mwa kasupe, pamene mapaipi onse amadutsira pamodzi pambali pa chigwa.

Kuno aliyense amalumikiza paipi ndi mphira wa chubu cha njinga yamoto, koma kamangidwe kamasiyana, ndipo amuna a m'mudzi amadziwa kamangidwe ka mnzawo ngati mmene amadziwira kayendedwe kake. Bambo amabisa nsonga za mphira mkati. Malume amasiya nsonga ziwiri zazitali zili njo ngati makutu a bulu. Bambo anagwada, n'kuyamba kusanthula mapaipiwo mpaka anapeza makutu a bulu aja.

"Ndi ameneyu."

Sanangodula kamodzi. Anadula pano, n'kudulanso patsogolo, kuchotsa chidutswa chotalika ngati munthu, n'kuchiponya m'chigwa kuti kulumikiza kukhale ntchito. Madzi anawathovukira kumaso, iwo n'kuseka. Ndinali ndisanawamve akuseka chimwalirireni mayi.

Ine chizolowezi changa chija chinandigwira. Maso anga analondola mbali yotsala ya paipiyo. Inadutsa pansi pa mwala, n'kuzungulira chitsa. Pamene inayenera kutsetserekera kwa malume, inakhota n'kulunjika ku nkhalango.

"Ababa, paipi iyi sikupita kwa malume."

"Kamangidweka ndi kake. Ndakhala naye kuyambira usanabadwe."

"Kamangidwe ndi kawo, inde. Koma taonani komwe ikupita."

Anayang'ana. Kenako ndinaonanso makutu a bulu ena, pa paipi ina, yakale, yomera ndere, ikutsika bwinobwino kwa malume ndi madzi ake. Imene bambo anadula inali yatsopano. Tonse tinakumbukira nthawi imodzi zimene mudzi wonse unkadziwa koma osazinena: anyamata a m'phiri atabwera, anawatenga malume kuti akawakokere madzi kumsasa wawo.

Tinathamangira kunyumba kukadula chidutswa pa paipi yathu kuti tikalumikize. Bambo ankapuma ngati bulu wolemedwa. Pobwerera, tisanafike pachigwa, tinamva mawu. Tinagwa chafufumimba m'khofi. Amuna atatu a mfuti anali ataima pamalo paja, mmodzi akutembenuza nsonga yodukayo ndi phazi. Tinabwerera chokwawa, chidutswa chathu chija ndikuchikoka ngati mchira.

Masana anyamata a m'phiri anatuma uthenga nyumba ndi nyumba: aliyense pabwalo la mpira la kusukulu. Aphunzitsi anatsekera ana m'kalasi n'kuwayambitsa nyimbo.

Mkulu wa anyamatawo ankatchedwa Chamizo, munthu wamfupi, wa mawu otsika ngati wansembe. Yunifomu yake inali matope okhaokha kuyambira pachifuwa mpaka m'maondo. Malume anali atagwada kale pakati pa bwalo, manja kumbuyo.

"Anthu a El Roblal, mwaswera bwanji?" anatero Chamizo. "Ife taswera m'matope. Asilikali akafuna kukantha msasa, amayamba ndi kudula madzi. Ndiye madzi ataleka m'mawa uja, ife tinasiya mphika pamoto n'kukagona m'thengo kudikira ndege. Ine, pa msinkhu wanga uno, nyerere zikundiyenda m'kabudula." Mnyamata wina anaseka, Chamizo atamuyang'ana anasiya. "Paipi yathu amaidziwa ndi munthu mmodzi, amene anaiyala. Madala, anakutumani ndani?"

"Sindinadule ine," anatero malume.

Chamizo anangogwedeza mutu. Mnyamata wamtali anawamenya malume ndi thako la mfuti pakamwa. Phokoso lake linali ngati la mbale yadothi ikasweka. Malume analavula mano awiri pa udzu. Anawadzutsa ndi tsitsi, n'kuwamenyanso m'nthiti, kenako ndi nsapato, mbali iyi ndi iyo, mpaka anagwa cham'mbali. M'kalasi muja ana ankaimbabe, mokweza kuposa kale.

"Ngati si inu, ndani?"

Malume anadzutsa mutu. Diso limodzi linali litatsekeka. Linalo linayenda pagulu lonse, linafika pa bambo, linaima pang'ono, n'kupitirira.

"Sindikudziwa. Kapena ng'ombe."

"Ng'ombe ya chikwanje," anatero Chamizo. "Mudzi uno uli ndi zodabwitsa."

Ndinali nditawagwira bambo pamkono ndi manja onse awiri. Zikhadabo zanga zinalowa m'khungu lawo. Ndinawanong'oneza kuti, "Khalani chete. Chonde, ababa. Angowamenya basi, awasiya." Ndinkadziwa kuti ndikunama. Ndinali nditawerengera kale zonse, ine wa masamu: pabwalo pano pafa munthu mmodzi, ndipo ndinali nditasankha kuti akhale uti.

Anabweretsa ndowa ya madzi a m'ngalande. Anawaviika malume mutu mpaka miyendo inayamba kupalasa, n'kuwatulutsa, n'kuwaviikanso. Mayi wina kumbuyo kwanga ankapemphera chonong'ona. Atawatulutsa komaliza, malume sanathenso kugwada okha. Chamizo anasolola mfuti yaing'ono m'chiuno, n'kuwaika kukhosi, kumbuyo.

Bambo anandipotokola dzanja mpaka ndinawasiya.

"Ndadula ndine."

Anayenda kupita pakati pa bwalo, chipewa chili m'manja. Chamizo sanachotse mfutiyo.

"Inu ndinu a Heriberto, ogulitsa munda aja. Asilikali akulonjezani chiyani?"

"Palibe za asilikali. Ndimafuna kudula ya mlamu wangayu. Wandizulira yanga mlungu wonse. Ndinaona kamangidwe kake, ndiye ndinadula."

Chamizo anawayang'ana. Kenako anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka kupukuta misozi ndi dzanja la mfuti lomwelo.

"Mwamva, anyamata? Tagona m'matope chifukwa cha nkhalamba ziwiri zolimbirana madzi osamba." Anawerama kwa malume. "Ndipo inu mumadziwa?"

"Ndi chitsiru," anatero malume, magazi akutuluka ndi mawuwo. "Koma ndi chitsiru cha mlongo wanga."

"Zokoma. Zogwira mtima." Chamizo anabweza mfuti m'chiuno. "Sindikuphani, madala. Munthu saphedwa chifukwa cha uchitsiru, tikanatha tonse. Koma anthu awa aona. Mawa wina adzadula dala n'kunena kuti wasokoneza. Munadula ndi dzanja liti?"

Ndinathamanga, sindikudziwa kuti ndikatani. Mnyamata wamtali uja anandikankha ndi mfuti pachifuwa, ndinagwa chagada, mpweya n'kundithera.

"Adokotala akhale pansi," anatero Chamizo. "Pano si pa yunivesite."

Anakoka benchi ya ana asukulu. Bambo anaika okha dzanja lamanja pabenchipo, chipewa n'kuchigwira ndi lamanzere. Chamizo anawasolola chikwanje chawo chomwe m'chimake, anachiyesa ndi chala, n'kuyamikira kanoledwe. Anatema kamodzi. Sichinadutse. Anatemanso.

Bambo sanakuwe mpaka ataona dzanjalo lili pa udzu.

Ndinavula lamba wanga n'kuwamanga pamwamba pa chigongono, ndikukoka ndi mano. Magazi anali ofunda, ankandilowa m'manja mwa malaya. Chamizo anapukuta chikwanjecho pa udzu n'kuchipereka kwa mnyamata wake.

"Za munda musavutikenso," anatero. "Tagula ife. Uzani wa ku Medellín uja asawononge mafuta. Dzuwa likamalowa ndisakuoneni kuno, inu ndi mwana wanuyu." Anatembenukira kwa malume. "Inu, madala, madzi akhale atafika kumsasa tisanaphike."

Anyamatawo atachoka, anthu anayamba kuyenda ngati adzuka kumene. Wina anathamangira jipi yonyamula khofi. Tinawagoneka bambo kumbuyo, pa matumba opanda kanthu. Sindinapite kunyumba kukatenga chilichonse.

Malume anafika pajipipo atagwirizidwa ndi anthu awiri. Nkhope yawo sinkadziwika.

"Kwerani, malume," ndinatero. "Nthiti zanu zathyoka."

"Ndikwere, paipi alumikize ndani? Iweyo?" Sanandiyang'ane. Sindikudziwa ngati anaona mmene ndinawagwirira bambo pabwalo paja, ndipo sindinawafunsepo. Anawerama movutika, n'kuika dzanja pa bondo la bambo. "Alamu."

"Alamu," anayankha bambo, maso ali otseka.

"Munachedwa kutuluka."

"Ndimadikira akuchotseni mano ambiri. Mumalankhulitsa."

Malume anayesa kuseka, koma anangokhosomola magazi. Jipi inanyamuka. Ndinawaona akutembenuka, akuyamba kukwera njira ya ku kasupe atagwira m'nthiti.

Msewu wotsika ku El Roblal ndi wa miyala, ndipo gudumu likagunda mwala uliwonse bambo ankabuula. Ndinakweza mkono wawo m'mwamba, ndikuukanikiza pachifuwa panga. Milomo yawo inali itayera. Ndinkawalankhulitsa kuti asagone, ndikuwafunsa mayina a mitengo imene tinkadutsa, iwo n'kumayankha ina, ina ayi. Titapitirira munda womaliza wa khofi anatsegula maso.

"Yurany, tafika pati?"

"Tatsala pang'ono, ababa."

"Usandinamize kawiri tsiku limodzi."

"Tikadali kutali."

Anagwedeza mutu. Ndinamenya denga la jipi ndi chibakera, n'kumukuwira dalaivala kuti asiye kuzemba maenje.