Kawaya Kolowa m'Mutu mwa Si Tahar

Si Tahar anakana opaleshoni chifukwa cha mphekesera. Mnzake wa kumzikiti, mmodzi wa anthu aja odziwa chilichonse, anamuuza kuti kawaya kamene madokotala amalowetsa mu ubongo kuti manja asiye kunjenjemera n'kagolide. Mwamuna wachisilamu savala golide. Mkuluyu anakalambira pa ntchito yosula makoza agolide mumsika wa ku Fez, koma chala chake sichinalawepo mphete.

Manjawo anali atafika poipa, moti tiyi ankathera m'thireyi. Dokotala anachenjeza kuti akapitiriza kuzengereza, thupi lifooka ndipo mwayi utha.

Mwana wake Ghizlane ankagwira ntchito yofufuza zitsulo zoterezi. Atatopa n'kulongosola, anangobwera nako kawayako kunyumba.

"Ababa, si golide ameneyu. Ndi pulatinamu wosakaniza ndi iridiyamu. Amakhala m'mutu zaka zambirimbiri, magetsi akudutsamo, osachita dzimbiri."

"Wogulitsa chitsulo aliyense amatero, mwana wanga. Katenge mwala wanga woyesera."

Ghizlane anabweretsa mwala wakudawo ndi botolo la asidi wamphamvu wosungunula ngakhale golide. Si Tahar anayesa kutsegula botolo, koma linamukanika. Anamukankhira mwana wakeyo osamuyang'ana, ndipo Ghizlane anamva chisoni kwambiri.

Anatsegula botololo, n'kuyamba kukhutiza khoza lagolide la mayi ake ndi kawayako pamwalapo.

"Khutiza zolimba, iwe. Ukusisita mphaka kodi?"

Pamwalapo panatuluka mizere iwiri: wachikasu wochokera ku khozalo, ndi wotuwa wochokera ku kawaya. Ghizlane anadonthezera asidi. Wachikasu unasungunuka iwo akuona. Wotuwawo unangoti phee.

"Donthezanso."

Sunasinthe. Mkuluyo anaweramira pamwalapo nthawi yaitali, nkhope ili ngwee. Zitsulo anazidziwa moyo wake wonse, ndipo sanali munthu wotama zinthu mwachisawawa.

"Mulungu ndi wamkulu," anatero motsitsa mawu. "Kawaya kowonda ngati ulusi, koma makani ake kuposa ine. Ndipo iwe umagwira zimenezi tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse, Ababa."

Ghizlane anadikira chifukwa china chokanira, pakuti bambo akewo zifukwa sizinkawathera. Si Tahar anayang'ana dzanja lake likuvina pabondo.

"Muimbire dokotala wakoyo," anatero. "Za golidezi ndinkangobisalamo. Ndikuopa kubooledwa mutu, mwana wanga. Tsikulo usakachoke pafupi."