Makhadi a Tsabola

Ndinachotsa makhadiwo pamsomali ana akadavula nsapato pakhonde, n'kuwaponya m'chikwama changa kunsi kwa tebulo. Ndinkayesa palibe wandiona. Nditatembenuka, Tsabola anali chiimire pakhomo, nsapato imodzi ili m'manja, maso ali pa ine.

Anali ndi zaka zisanu. Dzinalo anamupatsa ndi mayi ake chifukwa anali kamwana kochepa thupi, koma kakapsa mtima kalasi yonse inkayetsemula. Kumva ankamva bwinobwino, ngakhale kunong'ona, koma mawu sankatuluka. M'kalasi mwanga munali ana asanu ndi anayi, onse ovutika kuyankhula, ena achibwibwi, ena omeza theka la liwu lililonse. Tinkauzira thovu la sopo ndi timapaipi, tinkatulutsirana malilime pakalilole mpaka ine mphunzitsi n'kuoneka ngati wapenga, ndiponso tinali ndi thumba lobisamo zinthu: mwana ankapisamo dzanja, n'kutchula chomwe watulutsa.

Tsabola yekha ndiye anali ndi makhadi. Ndinawadula ndekha kukatoni, makumi awiri ndi anayi, n'kuwamanga pakawaya. Panali chithunzi cha madzi, mpira, chimbudzi, chikwama, amayi, nkhope yomva kuwawa, ndi ine ndi magalasi angawa. Akafuna kanthu ankasankha khadi n'kuliika pakathabwa kokhala ndi malo awiri. Chomwe ndinkalimbana nacho teremu yonse chinali choti aike awiri motsatizana, monga amayi kenako madzi. Iye ankaika limodzi basi, n'kundiyang'ana ngati wogontha ndine. Masana makhadi ankapita nawo kunyumba, m'mawa ankawapachika yekha pamsomali asanavule nsapato.

Lachisanu limenelo kunkabwera bambo woyendera sukulu. Ntchito yanga inali yongogwirizira, ndipo zomwe akanalemba bamboyo ndizo zikanandikhazika kapena kundichotsa. Sabata yomweyo Tsabola anali atatchula mpira ndi pakamwa kawiri konse. Sikanali kamawu komveka bwino, koma kanali kamawu. Ndiye ndinati mumtima, makhadi akakhalapo sangavutike kutsegula pakamwa, koma akawasowa anena, mlendo ali pomwepo. Ndinkadziwa kuti si zoona. Kumaphunziro anatiuza mobwerezabwereza kuti makhadi samanga lilime la mwana. Koma munthu akafuna kutamandidwa sasowa zifukwa.

Tinakhala mozungulira pamkeka, woyendera ali pakampando ka ana, maondo atafika pachibwano. Thumba linayamba kuyenda. Wachibwibwi wanga wina anatulutsa supuni, ndipo tonse tinamudikira mpaka anaitchula. Bamboyo anagwedeza mutu n'kulemba. Mtima wanga unayamba kuvina.

Apo n'kuti Tsabola akundikoka siketi. Ankayang'ana msomali, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso msomali. Ndinamupatsa thumba, nditakonzeratu kuti mpira ukhale pamwamba.

"Nena ndi pakamwa, mwana wanga. Chimenechi n'chiyani?"

Mpirawo anautaya. Anapita pamsomali n'kuupapasa ndi dzanja ngati makhadi angatulukire m'khoma. Kenako anapanikiza miyendo. Ndinaona, sindingakane. Ndine mayi wa ana awiri, ndipo palibe mayi amene sadziwa tanthauzo la miyendo yopanikizidwa choncho. Chitseko chathu chinali ndi chotsekera pamwamba, kuopa ana kuthawira kumsewu, moti payekha sakanatuluka. Ndinangoti kamphindi kamodzi, anene kaye kamawu kaja. Ndinatola mpira n'kumuonetsanso, ndikumwetulira.

Mkodzo unatsika ndi miyendo n'kuyenderera mpaka pamkeka. Anzake anaseka, monga ana achitira. Tsabola sanalire. Anadziluma dzanja mwamphamvu mpaka mano anadinda.

Nditamutsuka ndi kumuveka zovala zosinthira, woyendera anandifunsa motsitsa mawu ngati mwanayo analibe njira yoti apemphe kupita kuchimbudzi.

"Ali nayo, bambo, makhadi a zithunzi," ndinatero. "Koma lero sanabwere nawo. Mayi ake amakhala otanganidwa."

Bodzalo linatuluka mosalala kuposa mawu aliwonse amene ndinaphunzitsapo mwana. Bamboyo anandiyamikira kuti ndine wodekha, nati makolo ena amatibwezera m'mbuyo. Ahedi atamva sanachedwe. Mayi ake a Tsabola, omwe ankasoka zovala pamsika, anafika masana tepi yoyezera ikadali m'khosi, ndipo ahedi anawadzudzula pakhonde makolo ena akumva. Anawauza kuti makhadi amenewo ndiwo pakamwa pa mwana, munthu sasiya pakamwa pa mwana wake paliponse ngati ambulera. Mayiwo anakhuthula kachikwama ka Tsabola pansi, n'kukakutumula.

"Pepani aphunzitsi," anatero kwa ine. "Mwina agwera m'basi. Munavutika nawo kujambula."

Ndinali chiimire pomwepo, chikwama changa chili paphewa, kawaya kakundibaya m'nthiti. Kunali kungotsegula zipi basi. Sindinatsegule. Ndinawauza kuti asadandaule, zimachitika.

Loweruka ndi Lamlungu chikwamacho sindinachikhudze. Ana anga akandipempha madzi ndinkadzidzimuka, poganiza kuti kwinakwake kuli mwana wa ludzu amene alibe njira yoti apemphe madzi. Manyazi ndinali nawo, koma mantha anali aakulu kuposa manyaziwo. Ndinakonza zoti Lolemba ndilawirire, ndigwetsere makhadi kuseri kwa kabati, kenako ndiwapeze posesa. Aliyense akanasangalala, ndipo wolakwa akanakhala kabati.

Ndinalawiriradi, koma ndinawapeza atakhala kale pakhonde, mayi ndi mwana. Tinalowa limodzi. Chikwama ndinachikankhira kunsi kwa tebulo.

Mayiwo anali ndi maso ofiira. Anandifotokozera kuti masiku awiriwo anali a nkhondo. Tsabola anakana kudya, anaswa kapu, ndipo ankangovala nsapato n'kuwakokera kuchitseko. Iwo sankadziwa kuti akufuna kupita kuti. Anakafunsa kumalo okwerera basi, anasesa nyumba yonse, anagudubuza matiresi. Atalephera, anapempha katoni kusitolo n'kuyamba kujambula okha, Tsabola akuwakumbutsa ndi chala zomwe zatsala.

Anawayala patebulo langa. M'mphepete mwa khadi lililonse anali atasokerera kansalu ndi makina kuti lisathetheke. Mpira unkaoneka ngati dzira. Ine anandijambula ndi magalasi aakulu ngati mateyala a njinga.

"Musaseke aphunzitsi, dzanja langa ndi la singano, si la pensulo," anatero. "Ndine mayi wosasamala, ahedi sananame. Koma sizichitikanso."

Ndinatsegula pakamwa, ndipo sindikudziwa kuti ndikananena chiyani. Tsabola anali atapita kale kushelefu n'kutenga kathabwa kake. Anakaika pakati pa ine ndi mayi ake. Anasanthula makhadi atsopanowo mosafulumira, natenga la ine ndi magalasi aja, n'kuliika pamalo oyamba. Anasanthulanso. Pamalo achiwiri anaikapo chikwama.

Mayi ake anagwira pakamwa.

"Awiri! Aphunzitsi, mwaona? Waika awiri!"

Misozi inali ikuwatsika, akuseka. Miyezi itatu ndinkadikira tsiku limeneli. Ndinali nditakonzeratu ndi nyimbo yoti tidzamuimbire, ndi nyenyezi yapepala yoti ndidzamumate pachifuwa. Tsopano nyimboyo sindinaiimbe.

"Akuti mumupatse chikwama chake," mayiwo anatero, namutambasulira kachikwama ka sukulu kaja.

Tsabola anakakankha. Anagogoda ndi chala pakhadi langa, nagogodanso pakhadi la chikwama. Kenako anawerama n'kuloza kunsi kwa tebulo. Sanakwiye, sanadzilume. Anangondiyang'ana n'kudikira, monga ndinawaphunzitsira onse kuti mnzako akamavutika kutulutsa mawu, umamudikira.

Ndinagwada n'kukoka chikwamacho. Zipi inalira kwambiri m'chipinda chopanda ana. Kawaya kanali katakodwa m'makiyi a kunyumba kwanga, moti ndinalimbana nako kwa kanthawi, mayiwo akuyang'ana. Nditawatulutsa, khadi la pamwamba linali la chimbudzi.

"Ndinawabisa ndine," ndinatero. "Anabwera nawo. Ndinkafuna ayankhule pamaso pa mlendo uja."

Mayiwo sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandilalatira. Anayang'ana makhadi awo osokerera aja, nayang'ana mwana wawo.

"Ndiye kuchitseko kuja ankandikokera kuno," anatero.

Ndinati ndipita kwa ahedi kukanena zonse, ndipo ndinapitadi tsiku lomwelo. Koma mayiwo sankandimvera. Anali akukonza kolala ya mwana wawo, yomwe inali yokonzeka kale.

Tsabola anatenga makhadi akalewo m'manja mwanga. Anawaona limodzilimodzi mpaka lomaliza, kenako anasonkhanitsa ndi atsopano aja. Panja anzake anali atayamba kufika, nsapato zikugwa pakhonde. Ndinamupatukira kuti adutse akapachike. Anafika pamsomali, anauyang'ana, n'kuupitirira. Anakweza juzi yake, nalowetsa makhadi onse m'kati, n'kukakhala pamkeka atafumbata mimba ndi manja onse awiri, kudikira kuti ndiyambe phunziro.