Chitsulo cha Pakhomo pa Telala

Kwa zaka khumi ndi zisanu, chitseko cha shopu ya mayi telala chinkatsamira chitsulo chosongoka ngati chipolopolo chachikulu. Malemu amuna awo ndi amene anachitola kumunda. "Mulibe kanthu m'katimu, mayi," ankatero akuchigogoda ndi chala.

Lachiwiri lina m'mawa mchimwene wa mayi telalawo, msilikali wa gulu lochotsa mabomba amene anali asanafikepo pashopupo, anabwera kudzapinditsa thalauza. Anangoima pakhomo, nkhope n'kusintha.

"Achemwali, siyani makinawo. Tulukani pang'onopang'ono, osakhudza chitseko."

Pofika masana msewu wonse unali utatchingidwa ndi chingwe chofiira. Wometa, wogulitsa mafoni ndi makasitomala awo anaunjikana kutali, akung'ung'udza. Mayi telala anakanika kukhala pansi. Ankangoyenda uku ndi uku, tepi yoyezera idakali m'khosi.

"Kodi n'chiyani kwenikweni, achimwene?"

"Ndi mutu wa bomba. Mitu yotereyi ilipo yamitundumitundu. Ina ikaphulika imamwaza tizitsulo mbali zonse, ina imaboola galimoto zankhondo, ina imangoyatsa moto. Kachipangizo ka kumphunoko ndi kamene kamalamula. Kena kamadikira kugunda chinthu, kena kamawerenga nthawi. Kakakana tsiku loyamba, sikuti kafa ayi."

"Koma alamu anu ankati..."

"Alamu anali mlimi, achemwali."

Mawuwo anawalasa mtima. Anakumbukira mwana wawo wamkazi akukwawa pakhomo pomwepo, akumenya chitsulocho ndi supuni. Kwa nthawi yoyamba chiikire maliro, anawakwiyira amuna awo, mkwiyo wotentha mpaka m'makutu. Munthu wamkulu kulankhula motsimikiza chinthu chimene sakuchidziwa!

Asilikali awiri ovala zolemera analowa ndi makina ojambula za m'kati. Mphindi zinakana kuyenda. Mayi telala anapotokola tepi ija mpaka chala chinachita dzanzi.

Kenaka mchimwene uja anabwera akupukuta thukuta.

"N'chophunzirira chabe. M'kati mwadzaza simenti. Alamu sananame."

Anthu anaseka, wometa n'kukuwa kuti wasiya munthu atamumeta mbali imodzi. Mayi telala sanaseke nawo. Mkwiyo uja unasowa kolowera, n'kusanduka manyazi.

"Ndiye mundibwezera?" anafunsa motsitsa mawu.

"Malamulo salola, achemwali."

Anaona asilikali akuchikweza m'galimoto. Anaimabe pamsewupo, dzanja lili pachifuwa monga anachitira tsiku la maliro, mpaka galimotoyo inakhota.