Mzere wa pa Fote

Loweruka lililonse aphunzitsi makumi atatu ankadzipanikiza m'mipando ya ku yunivesite, m'chipinda cha pamwamba, mawondo akugunda matebulo. Onse anali anthu ozolowera kuima kutsogolo ndi choko, ndiye kukhala chete kumvera munthu wina kunkawaluma ngati nsapato yatsopano. Koma akanatani? Lamulo linali litabwera loti wofuna kukhalabe pa udindo achite maphunziro a utsogoleri wa sukulu, kaya ali ndi imvi kaya dazi.

Mmodzi mwa iwo anali Mayi Peresenti. Dzinali anamupatsa ndi ana, poti sankamaliza kulankhula osaponyamo nambala. Ankaphunzitsa masamu, komanso anali wachiwiri kwa ahedi. Tsoka lake, ahedi akewo ankaphunzira nawo m'kalasi lomweli, mpando wakutsogolo, tayi ili pakhosi ngakhale Loweruka.

Adokotala, mayi wochepa thupi amene ankawaphunzitsa, anali atawapatsa ntchito yoti aliyense alembe za vuto lenileni la pasukulu pake, osatchula dzina la sukulu kapena la munthu. Mayi Peresenti ankayesa kuti awerenga ndi Adokotala okha, ndiye anakhuthula zonse za kukhosi. Analemba kuti chaka chilichonse ana ofooka sankalembetsedwa mayeso a boma. Makolo ankauzidwa kuti mwana abwereze kalasi, cholinga chiwerengero cha okhoza chioneke chokongola, ndipo ambiri mwa anawo sankabweranso. Mayina anabisa bwinobwino. Koma manambala sanawakhudze, nanga mphunzitsi wa masamu n'kusintha nambala? Ana 17 osiyidwa chaka chatha, okhoza 94 peresenti. Anaiwala kuti 94 yemweyo ahedi anamulembetsa ndi penti pageti la sukulu.

M'mawa umenewo Adokotala analowa ndi mulu wa mapepala, masamba a pamwamba okhala ndi mayina atawachotsa.

"Lero muchongerana," anatero. "Aliyense atenge pepala limodzi. Mphindi makumi atatu, kenako mutiuze zomwe mwapeza."

Anawasakaniza n'kuyamba kugawa. Mayi Peresenti anayang'anitsitsa muluwo. Pepala lake ankalidziwa, poti makina osindikizira a ku ofesi ya sukulu yawo ankasiya mzere wakuda m'mbali mwa tsamba lililonse. Analitsatira ndi maso. Linapitirira bambo wa jogalafe, linapitirira sisitere wa magalasi, n'kukatera patebulo lakutsogolo. Ahedi analiwongola ndi chikhatho, natulutsa cholembera chofiira m'thumba la jekete.

Mayi Peresenti anachita mantha enieni. Wachiwiri amene analipo iye asanabwere anangofunsa funso limodzi pamsonkhano wa aphunzitsi, ndipo teremu isanathe kalata inabwera yomutumiza kusukulu yakutali, komwe basi imafika kawiri pa sabata. Ahedi sankakalipa. Ankangolemba kalata. Ndipo nyumba yomwe Mayi Peresenti ankakhala inali ya sukulu, yoyandikana ndi chipatala komwe mayi ake, ofa ziwalo mbali imodzi, ankapita Lachiwiri lililonse kukawongoledwa mwendo. Kusamutsidwa kunali kutaya zonsezo tsiku limodzi.

Pepala lomwe iye anapatsidwa linali la zimbudzi zosakwanira. Anawerenga mzere woyamba kanayi osamva kanthu. Maso ake anali pa khosi la ahedi. Anawaona akutembenuza tsamba loyamba, lachiwiri. Pa lachitatu, pomwe panali manambala, dzanja lawo linaima. Sanacheuke. Anangovula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, n'kuwavalanso.

"Mayi, mwadwala?" ananong'oneza bambo wa jogalafe. "Thukuta limeneli, ngati mukulemba mayeso ndinu."

"Kwatentha," anayankha, chonsecho mawindo onse anali otsegula.

Anaganiza zotuluka ngati akupita kuchimbudzi, osabweranso. Koma kutuluka kunali kudziulula, ndiponso khomo linali pafupi ndi tebulo la ahedi. Anakhala, akumva kukanda kwa cholembera chofiira chija pakati pa zolembera zonse za m'chipindamo.

Nthawi itakwana, Adokotala anafunsa woyamba. Ahedi anaimirira osadikira kuitanidwa, namanga batani la jekete monga amachitira pa asembule.

"Pepala ili ndi la sukulu imene imasiya ana ofooka pa mayeso," anayamba, mawu ali phee. "Lalembedwa bwino. Manambala ake ndi oona, ndikutsimikiza. Wolembayu ndi munthu wosamala kwambiri."

Wina kumbuyo anaseka pang'ono. Mayi Peresenti anagwira m'mphepete mwa tebulo, akudikira kuti dzina lake ligwe.

"Koma ndamupatsa theka la malikisi," anapitiriza, "chifukwa wasiya munthu mmodzi. Wanena zambiri za mkulu wa sukulu, ndipo mwina n'zomuyenera. Komatu tonse muno tikudziwa kuti hedi sadziwa malikisi a mwana aliyense. Pamakhala wina amene amatenga kaundula, rula ndi pensulo, kusanja ana kuyambira woyamba mpaka wotsiriza, n'kudula mzere pa malikisi fote. Amene ali pansi pa mzerewo ndiwo amabwera pa tebulo la hedi. Zaka zinayi munthu ameneyu wadula mzere wowongoka bwino, osakanapo ngakhale kamodzi. M'pepala muno mulibe."

Ena anaweramitsa mitu, poti marula otere analipo m'zikwama zambiri.

"Funso labwino," anatero Adokotala. "Wolembayo sakukakamizidwa kudziulula. Akaliganizire."

Mayi Peresenti sanamve zomwe ena ananena pambuyo pake. Ankayembekeza mkwiyo, ndipo mkwiyo akanaupirira. Koma izi zinamulasa, chifukwa zinali zoona. Anakumbukira kamtsikana kena kamene kanapeza 39, ndi mmene iye anawerengeranso kawiri kuti asakalakwire, kenako n'kuika rula pamwamba pa dzina lake. Anachita manyazi, ndipo mantha aja sanachoke.

Potuluka anachedwa dala, akulongedza ndi kumasulanso chikwama. Sizinathandize. Ahedi anali ataima pokhotera masitepe, pepala lili m'manja. Anamupatsa osayang'ana n'komwe ngati pali dzina.

"Lanu ili, mayi."

"Zikomo, bwana."

"Lolemba ndikufuna mndandanda wa chaka chino patebulo langa, eyiti isanakwane. Podula mukupadziwa."

Pansi pa masitepe anzawo ankaseka, akukanganirana za basi.

"Ndibweretsa mayina onse, bwana," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, moti anabwereza. "Onse 112."

Ahedi anamuyang'ana nthawi yaitali, nkhope yosaonetsa kanthu.

"Mayi anu akupeza bwanji masiku ano? Mwendo uja ukusintha?"

"Ukusintha pang'ono."

"Chipatala chapafupi n'chabwino," anatero, nayamba kutsika pang'onopang'ono, dzanja lili pachitsulo.

Mayi Peresenti anakhala pansi pa sitepe. Anatulutsa foni kuti aimbire achimwene ake, koma anaphonya nambala kawiri. Kachitatu inalowa.

"Achimwene, ndine. Ayi, amayi ali bwino. Ndimati ndifunse, chipinda chanu chakumbuyo chija chikadali chopanda munthu?"