Wapaulendo Sasala

Lahcen akalowa mumsika wa ku Ouarzazate, ngakhale abulu ankadziwa kuti mwamuna wafika. Anayamba ndi kusenza matumba a eni ake, koma tsopano malole ake ankafika mpaka ku Dakar, ndipo panalibe msewu umene sanagonepo pansi pa galimoto. Munthu woteroyo anagonja kwa mwana wake wamkazi, Ghizlane, pa mbale imodzi ya msuzi.

Mtsikanayo anasiya kudya pang'onopang'ono. Poyamba ankati wadya kale kusukulu. Kenako kuseka kunatha, tulo tinamuthawa, chitseko chikangolira ankadzidzimuka, ndipo ankavala majuzi awiri dzuwa likuswa mtengo. Dokotala sanapsatire mawu. Anati matendawa ndi a m'maganizo, mantha ndi chisoni zagwirizana ndi njalayo, ndipo akasala kudya mwezi wa Ramadani uno mtima wake ukhoza kuima. Anawauzanso za dokotala wina wa ku Marrakech wodziwa matenda otere, koma Ghizlane anakana kwamtuwagalu.

Ramadani anailandira ngati mphatso. Masana panalibenso womufunsa, madzulo ankangonyowetsa milomo, azakhali ake n'kumamuyamikira kuti mwana woopa Mulungu ndi ameneyu.

"Odwala sasala, mwana wanga," anatero Lahcen. "Ngakhale shehe wanena."

"Ine sindikudwala, Baba."

Zhor, mkazi wa Lahcen, anapeza mwamuna wakeyo pakhonde atagwira kuchibwano. "Paja mumati munakoka lole ndi mano mumchenga wa ku Mauritania. Kokani mwana wanuyu tione."

"Ndinati ndi chingwe, mayi iwe."

"Dzulo pamaso pa alendo munati mano."

Kutchula ulendowo kunamukumbutsa Lahcen chinthu chimene dalaivala aliyense amachidziwa. M'mawa anaimika lole pakhomo n'kuliza hutala mpaka nkhunda zinabalalika. "Kwera, Ghizlane, undiperekeze! Ndikuonetse msewu umene unandipanga munthu."

Anayenda akukwera mapiri, msewu ukupindika ngati njoka yomenyedwa. Lahcen ankaloza uku ndi uku: apa ndi pamene anasintha tayala m'chimvula yekhayekha, apo ndi pamene anaphikira tiyi apolisi mpaka anaiwala chimene anamuimitsira. Ghizlane anangotsamira pagalasi, maso ali kutali.

Atafika pamwamba penipeni pa phiri la Tichka, panjira ya ku Marrakech, anazimitsa injini. Kunali zii. Nsonga za mapiri zinali mbuu ndi chipale chofewa, zigwa zili pansi kutali moti midzi inkaoneka ngati nyenyeswa za buledi. Lahcen anayala nsalu pamwala, anatulutsa buledi, mafuta a azitona ndi zipatso za kanjedza zotchedwa tende, anatchula dzina la Mulungu, n'kuluma.

"Baba! Dzuwa lili paliwombo!"

"Ndife apaulendo. Wapaulendo amaloledwa kumasula, amadzabweza akafika. Mwini wake anapereka chilolezo, ndiye ine ndine ndani kuti ndikane? Zoti sukudwala ndamva. Koma paulendo pokha uli. Ukana?"

Anamuikira tende imodzi m'dzanja.

Ghizlane anaiyang'ana nthawi yaitali. Thukuta linatuluka pamphumi ngakhale mphepo inali yozizira ngati mpeni. Lahcen ankaganiza kuti mwanayo ndi wamakani chabe, koma apa anaona nkhope ya munthu amene wagwidwa pakhosi.

"M'mutu mwanga muli mawu, Baba. Amati ndikadya ndine wonyansa, sindiyenera kanthu. Sagona."

"Alipo panopa?"

"Akukuwa."

Lahcen anasendera pafupi kuti amutchingire mphepo.

Dzanja lija linakwera. Linaima panjira, linatsika, linakweranso. Lahcen anaonapo chimphepo cha mchenga chikumeza tauni yonse masanasana, anaonapo nyanja ikuponya sitima pamiyala, koma mphamvu yonga iyi, ya kadzanja kowonda konyamula chipatso chimodzi kupita nacho kukamwa, anali asanaionepo.

Ghizlane analuma theka. Anatafuna misozi ikutsika, anameza ngati akumeza mwala, kenako anabisa nkhope m'chovala cha bambo ake n'kulira kulira kwenikweni, kumene m'nyumba mwawo anali asanakumve chiyambire matendawa.

Atatonthola anafunsa, mawu ali pansi, "Dokotala uja wa ku Marrakech, amawadziwa mawu amenewa?"

"Akuti ndiyo ntchito yake."

"Tiyeni. Koma muyendetse pang'onopang'ono, ndingasanze."

Lahcen anatsika phirilo ngati wanyamula mazira. Malole anaunjikana kumbuyo kwake, mahutala ali pokopoko, madalaivala akutulutsa mitu n'kumufunsa ngati galimoto anaiphunzira dzulo. Iye anangotulutsa dzanja pawindo n'kuwakodola kuti adutse.